Phazi Lozizira la Bashi Chantelle

Manja angawa samva moto. Ndakhala ndikukazinga vitumbuwa pa msika wa Soweto kuno ku Lusaka zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo chaka chachisanu chisanathe ndinali nditasiya kale kufunafuna chipande. Chitumbuwa chikafiira mbali imodzi ndinkangochitembenuza ndi zala, mafuta ali gadugadu. Onyamula katundu a ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ankaitanizana kudzaonerera, ine n'kumaseka, kunyada ngati ndakhoza mayeso. Lero manja omwewa ndikawayang'ana amandinyansa.

Ine ndine Muriel, amuna anga ndi a Kalenga, koma m'nyumba mwathu ku Kabwata maina amenewo samveka. Ndimawaitana bashi Chantelle, ndiye kuti bambo a Chantelle, monga amachitira kwawo ku Luapula, iwonso amati bana Chantelle, ngakhale mwana wathu mwini dzinayo anakwatiwa kalekale ku Kitwe. Ntchito yawo inali ya upulambala. Nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands ankazidziwira kuseri, kumene kuli matanki ndi agalu. M'thumba la jekete lawo munkakhala kachidutswa ka paipi kotalika ngati chala, kamene anadula m'nyumba ina. Kunja kankawala bwinobwino. M'kati munali mutadzaza laimu wa madzi athu a Lusaka, woyera, wouma gwa, kabowo kotsala kongokwana kamtengo ka machesi. Bwana akayamba makani kuti mapaipi ake alibe vuto, amuna anga ankatulutsa kachidutswako n'kumuika m'manja.

"Bosi, paipi siifela kunja, ifela mukati," ankatero. "Ngati mufuna kuziba, yendani pa pompi yakumapeto kwa nyumba. Ija ndiye iyamba kukamba zoona."

Nzeru zonsezo ankagawira mabwana, thupi lawo osalisiyirako. Matenda a shuga anawapeza nawo zaka khumi zapitazo, bipi n'kubwera pambuyo ngati mlendo wotsatira mnzake. Mapiritsi ankamwa tsiku limene mutu wawawa basi. Mutu ukaleka, botolo linkabwerera pamwamba pa kabati kukadya fumbi. Fodya anasiya Chantelle atalowa sekondale, koma anali atasuta kale zaka makumi awiri. Ndikawakumbutsa za mankhwala ankandiyankha kuti, "Munthu odwala angakwele pa denga?" Ndinkalongolola, inde, Kabwata yense ndi mboni. Koma amene ankawathirira masipuni anayi a shuga m'tiyi, n'kuwaikira vitumbuwa vinayi pambali, ndine ndemwe.

Tsopano ndinene za beseni. Ndinalilandira tsiku limene anandilangiza, lachitsulo, loyera, la mkombero wabuluu. Alangizi anali amayi awiri a kwawo kwa amuna anga. Mwa zambiri zimene anandiuza panali ichi: mwamuna akaweruka kuntchito umagwada, kumuvula nsapato, n'kumuviika mapazi m'madzi otentha kuti kutopa kuchoke. Chaka choyamba cha ukwati kunabwera a Chishimba, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, amene amakhala ku Chelstone, mayi wa pakamwa ngati lumo. Anandipeza nditagwada, anaviika chala m'beseni langa, n'kuseka mpaka misozi.

"Mulamu, aya ni manzi olo ni mikozo ya mwana?"

Anakaifalitsa nkhaniyo kwa abale onse, mpaka pa maliro. Ine ndi mtima wanga wosaiwalawu ndinawasunga mawuwo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Kuchokera tsiku limenelo madzi anga sanakhalenso ofunda.

Mwendo wamanzere unayamba kulankhula kale, ife osamva. Tikamachokera kutchalitchi amuna anga ankaima panjira, ati kuyang'ana mmene anthu alumikizira mapaipi a m'madenga, chikhalirecho katumba akuwakoka. Akapuma pang'ono ululu unkatha, n'kuyambanso tikayenda mitengo ya magetsi itatu. Ubweya wa pamsongolo unathothoka, khungu n'kumanyezimira. Ine ndinkawaseka kuti akalamba. Chaka chatha mu Juni, mphepo ya Lusaka italusa, anayamba kudandaula kuti phazi lazizira, ngakhale avale masokosi awiri.

Linali Loweruka, cha m'ma foloko masana. Anabwera kuchokera ku Woodlands akutsimphina, n'kudziponya pampando.

"Bana Chantelle, uyu mwendo uli monga nyama ya mu filiji. Nichitilenkoni manzi."

Magetsi anali atazima, choncho ndinawiritsa madzi pambaula. Ndinathira m'beseni, ndinawonjeza ozizira pang'ono, kenaka ndinaviika dzanja langa lonse mpaka m'mkono monga ndinkachitira masiku onse. Ndinamva kufunda chabe. Ndinagwada, ndinawavula nsapato yamanzere yokha, poti inayo anati ilibe mlandu, ndipo ndinaika phazi lawo m'madzi ndi manja anga awiri.

"Sinimvela chilichonse," anatero. "Onjezelani."

Ndinawonjeza otsala m'ketulo. Nthunzi inakwera mpaka kumaso kwanga, koma ine ndinakhulupirira dzanja. Iwo anatsegula wailesi ya mabatire kumvera mpira, ine ndinapita kukasefa ufa wa mawa. Tinali anthu awiri m'nyumba imodzi, wina manja osamva moto, wina phazi losamva moto, ndipo panalibe wachitatu woti atiuze.

Nditabwerera kudzawapukuta, phazi linali psuu mpaka m'kakolo, mzere wake wowongoka kuzungulira mwendo ngati avala sokosi yofiira. Anandithokoza, ati tsopano lafunda. M'mawa mwake panali matuza akuluakulu, ndipo pochotsa bulangete khungu la pamwamba pa zala linatsalira pansalu.

Tsoka silinunkha, koma lathuli linadzanunkha. Sabata yonse tinalimbana nacho tokha chilondacho. Ndinapaka uchi, ndinapaka mafuta, ndinamanga nsalu yoyera. Iwo, poti sichinkapweteka, Lolemba anavala jombo n'kupita kuntchito. Ine ndinkadziwa mabala a moto kuposa aliyense, mikono yanga ndi zipsera zokhazokha, ndipo onse ankapola okha pa masabata awiri. Ichi sichinkauma, sichinkachita nkhanambo, chinkangotuwa. Lamulungu lachiwiri zala ziwiri zinali zitada bii. Tsiku lomwelo a Chishimba anatulukira kuchokera ku Chelstone, ndipo asanakhale pansi anakwinya mphuno, moni wa kwawo uli m'kamwa.

"Shani mulamu. Nanga muli khoswe wakufa muno?"

Atavundukula nsalu anakuwa kuti mayo, anthu a nyumba yoyandikana n'kutuluka. Sanafunse zambiri, anaitana takisi.

Kuchipatala tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amene anationa anali dokotala wachitsikana, a Besa, wamng'ono moti akanakhala mnzake wa Chantelle. Anayang'ana phazilo nthawi yaitali osanyansidwa, kenaka anafunsa kuti zinachitika bwanji. Ndinatsegula pakamwa, koma amuna anga ananditsogolera.

"Ni giza, ba dokota. Nenze kukonza giza, ija tanki yotenthesa manzi, ku Kabulonga, manzi yakupya yananitikila mu jombo."

A Chishimba anayamba pomwepo kutukwana mabwana a ku Kabulonga, kufunsa dzina ndi nambala ya nyumba kuti akawaonetse. Amuna anga anati aiwala. Munthu wodziwa galu aliyense wa ku Kabulonga ndi dzina lake, ati waiwala nyumba.

Dokotala sanatsutse. Anagwira pamwamba pa phazi ndi zala ziwiri, anagwira kuseri kwa kakolo, kufunafuna kugunda kwa magazi. Kenaka anatenga kachipangizo kokhala ngati cholembera, kolumikizidwa ku kabokosi kolankhula, n'kukakhudzitsa pakhungu. Ku phazi lamanja kabokosiko kanalira motsitsa, fuu, fuu, ngati munthu wopuma atatopa. Ku lamanzere anasuntha uku ndi uku, ife tonse tili chete kumvetsera. Sikanalire.

Anakoka mpando n'kutifotokozera pang'onopang'ono, ndipo mawu ake ndimawakumbukira kuposa ulaliki uliwonse. Anati m'kati mwa mtsempha uliwonse wa magazi, kuyambira waukulu wa pamtima mpaka tating'ono tosaoneka ndi maso, muli kakhungu kopyapyala kwambiri, kosalala, koyalidwa mbali zonse. Kakhunguko n'kamoyo ndipo kamagwira ntchito usana ndi usiku. Ndiko kamauza mtsempha kuti ufutukuke munthu akamayenda, ndiko kamaletsa magazi kuundana panjira, ndipo pakakhala bala ndiko kamaphukitsa timitsempha tatsopano topititsa chakudya pabalapo kuti nyama imere. Shuga wochuluka, bipi ndi utsi wa fodya zimakakanda tsiku ndi tsiku popanda ululu uliwonse. Kakakandika, mafuta amayamba kumatirira pamenepo, njira n'kumachepa. Ngakhale kusamva kwa phaziko anati kunachokera komweko, chifukwa timitsempha tomvera kutentha ndi ululu nato timadya magazi, ndipo tinafa ndi njala.

Amuna anga anamvetsera ali zyoli. Kenaka anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kachidutswa ka paipi kaja, n'kupatsa dokotala.

"Monga so?"

A Besa anakasuzumira m'kati, anamwetulira pang'ono mwachisoni.

"Monga so, batate. Koma paipi yanu ni ya chisulo, mungachose mwaika inangu. Iyi yenze yamoyo. Penangu timakwanisa kupanga njila yolambalala, manje kuti tichite so pafunika paipi yabwino kumunsi yolumikizako. Tizajambula tione. Mwendo ndiye uli patali maningi na mutima."

"Pompi yakumapeto," anatero amuna anga, osayang'ana munthu.

Akuwalowetsa m'wodi, dokotala anandikodola kuti ndimutsate pakhonde. Za phazi sanandifunse. Anangotenga manja anga, anawatembenuza, n'kusisita zikhatho zanga zolimba ngati chikopa cha ng'oma.

"Mugulisa chani, amai?"

"Vitumbuwa."

"Giza siipanga muzele woongoka so," anatero motsitsa. "Sinizauza munthu. Koma mvelani, mwendo unangu ukaliko. Manzi muziyesa na chigongono, osati na manja aya."

Ndinalira pomwepo, pakhonde, anthu akudutsa ndi mabotolo a mikodzo. Iye anayesa kunditonthoza. Anati madzi anangotsegula chitseko, nyumba inali itadyeka kale zaka zambiri, ndipo phazi la munthu wa mitsempha yabwino likanapola. Anati mwina kukanakhala kamsomali kapena nsapato yothina. Zoona zake zinali zomwezo, koma sizinandilowe. Sikanali kamsomali. Linali beseni langa.

Zithunzi zinabwera ndi yankho loipa: kumunsi kwa bondo misewu ya magazi inali yotsekeka, yoti n'kulumikizako panalibe. Anayamba ndi kudula zala ziwiri zakudazo, n'kunena kuti tidikire tione ngati nyama yotsala ili ndi moyo. Namwino anandiuza kuti nyama yamoyo imatuluka magazi akamaitsuka, ndipo imakhala yofiira. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzapempherera magazi. M'mawa uliwonse ndinkasiya benchi langa ku Soweto m'manja mwa mnzanga, n'kukaima kumapazi kwa bedi nthawi yotsuka mabala. Namwino akamamasula bandeji ndinkati mumtima, Ambuye, kadontho kamodzi kokha. Bala linkatuluka lotuwa ngati phulusa lonyowa.

Amuna anga anasanduka munthu wina. Mapiritsi ankamwa pa nthawi yake, kufunsa namwino ngati sanaiwale ena. Tiyi ankamwa wopanda shuga, osakwinya nkhope. Zinkandipsetsa mtima, ndinene zoona. Zaka khumi ndikulankhula ngati wailesi, lero ndiye amve, nkhwangwa ili kale m'mutu. Koma mkwiyowo sunkakhalitsa, chifukwa ndikayang'ana bandeji ndinkaona mzere wofiira uja.

Chimene chinkandipha kwambiri ndi a Chishimba. Mayi amene sanandiyamikirepo chiyambire anayamba kundibweretsera chakudya m'kontena, kundiuza kuti ndikagone, kuuza odwala a mabedi oyandikana kuti mlongo wawo anakwatira mkazi. Tsiku lina masana, titakhala mbali ziwiri za bedi, anandigwira dzanja.

"Mulamu, nenze kukuvutisani kudala. Munikhululukile. Mwamusunga bwino uyu munthu."

Sindinathe kupirira. "Ba Chishimba," ndinatero, "ija siinali giza..."

Kapu yachitsulo inagwa pansi ndi phokoso, madzi n'kumwazika. Amuna anga anali ataikankha dala ndi chigongono.

"Bana Chantelle, nitapilenkoni manzi yakumwa. Manje manje."

Nditabwerako a Chishimba anali akupukuta pansi, nkhani itasanduka ya anamwino. Atanyamuka kukakwera basi ya ku Chelstone, amuna anga anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo.

"Nakamba kuti ni giza, ndiye ni giza. Mukakamba vinangu, bululu bonse bakwathu bazakudyani bamoyo, mubaziba. Ndine ninakamba kuti onjezelani. Nataya vikumo va kuphazi, manje mufuna nitaye na mukazi?"

Ndinakonza pilo amene sanafunike kukonza.

Sabata yachitatu kuda kunadutsa pamene anadula, kunayamba kukwera. Thupi linatentha, amuna anga n'kumatchula maina a anthu amene anamwalira kale. A Besa anabwera ndi dokotala wamkulu ndi pepala, ndipo sanazungulire: mwendo uchoke, apo ayi munthu achoka. Ine ndinayamba kupempha sabata ina imodzi, ndinatchula mapemphero, ndinatchula mankhwala akunja. Amuna anga ndi amene anandiletsa. Anapempha cholembera, ndipo asanasaine anafunsa funso limodzi, la pamene adzadule.

"Muzajuba pati?"

"Pansi pa nkhokola, batate. Pamene magazi yakali kufika," anayankha a Besa, akuloza pansi pang'ono pa bondo.

Anagwedeza mutu ngati akuvomereza mmisiri mnzawo. "Ni mwamene nichitila naine na mapaipi," anatero, n'kusaina.

Tinabwerera ku Kabwata mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Chikwama cha zitsulo chili pansi pa bedi mpaka lero. Mafoni a ku Kabulonga analira mwezi umodzi, kenaka analeka, poti mapaipi sadikira munthu. Kachidutswa ka paipi kaja anakasiyira a Besa, ati azionetsa ena amakani ngati iwo. Phazi lamanja ndimaliyang'ana m'mawa uliwonse, pakati pa zala ndi pansi pomwe, monga anandiphunzitsira, ndipo madzi osamba ndimayesa ndi chigongono ngati a khanda. Beseni ndinalivundikira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dilamu la madzi. Kulitaya ndinalephera, kuliona sindinkafuna.

Anatichenjeza potuluka kuti mwendo wodulidwa nthawi zina umamvekabe, umayabwa kapena kupweteka ngati ulipo, ndipo tisadabwe. Ndinamva, ndinavomera, ndinaganiza kuti ndakonzeka.

Linali Loweruka lina masana, ndikusefa ufa kukhitchini, pamene ndinamva kukuwa kumene sindinakumvepo pa zaka zonse za ukwati wathu.

"Bana Chantelle! Manzi yapya! Chosani mwendo, yapya!"

Ndinathamanga ufa uli m'manja. Anali pampando womwe uja, atagwira chitsa cha mwendo ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, maso ali pansi pamene phazi likanakhala. Pansipo panalibe kanthu, simenti yokha. Phazi limene linakhala chete m'madzi owira, limene linakwiriridwa kale sindikudziwa kuti, linali litamva moto tsopano, patapita miyezi iwiri.

Ndinkadziwa kuti n'zopanda nzeru. Komabe miyendo inanditengera kuseri kwa nyumba. Ndinavundukula beseni, ndinatunga madzi ozizira m'dilamu, ndinabwera nawo akutayikira m'njira. Ndinagwada, n'kuliika pansi pa chitsacho, pamalo enieni pamene ndinaliika tsiku lija. Madzi anagwedezeka pang'ono, kenaka anadekha, opanda choviikamo.

Amuna anga anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali, akupuma mofulumira. Kenaka anatsamira kumbuyo, anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu.

"Onjezelani," anatero.

Ndinapita kudilamu, ndinatunga ena, ndinawonjeza.